Kodi Mwana Wamasiye Ndi Ndani? Mmene Anthu Otalikirana Amamvanirana pa Tanthauzo la Mawu



Teremu yapitayi tinakhala pansi kuti tilembe mndandanda wa ophunzira oyenera kulipiridwa fizi. Tinkayesa kuti ntchitoyi itha nthawi ya Asr isanakwane, koma tinabalalika tisanamalize, ndipo ena anatuluka atakhumudwa. Patebulo panali mindandanda itatu. Woyamba unachokera ku komiti ya mzikiti. Wachiwiri unachokera ku ofesi ya sukulu. Wachitatu unabwera pa WhatsApp kuchokera kwa abale athu ogwira ntchito ku Johannesburg ndi ku Durban, amene amasonkha ndalama mwezi ndi mwezi kuti zithandize ana kuno. Pamwamba pa mndandanda uliwonse panali mawu ofanana akuti ana amasiye. Koma mayina apansi pake sankafanana.

Mtsikana wina wa Fomu 3 anataya mayi ake pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Bambo ake ali moyo, koma anachoka pakhomo kalekale. Dzina lake linali pa mndandanda wa sukulu, pa wa mzikiti panalibe. Mnyamata wina wa Fomu 4, wa zaka 17, bambo ake anamwalira chaka chatha. Nayenso sukulu inamulemba, komiti ya mzikiti sinamulembe. Abale a ku Joni analemba mwana amene makolo ake onse ali moyo koma akuleredwa ndi agogo ake odwaladwala ku Chilobwe, ndipo dzina limeneli silinapezeke pa mindandanda iwiri inayo.

Palibe amene ananama, ndipo palibe amene anakondera mbale wake. Mbali iliyonse inalemba moona mtima potsatira tanthauzo limene ikulidziwa. Talemba nkhaniyi kuti tifotokoze chimene chinachitika, tionetse mmene anthu ena amathetsera mkangano wotere, ndiponso tipereke maganizo oti msonkhano wa makolo ukawaunike fizi ya teremu ikubwerayi isanafunike.

Mawu amodzi, matanthauzo atatu

Tiyambe ndi zimene timaphunzitsa ku madrasa. M'Chiarabu, yatim ndi mwana amene bambo ake anamwalira iye asanathe msinkhu. Akatha msinkhu, dzinali limamuchoka. Mu madhhab ya Imam Shafi'i, imene ambiri a ife timatsatira, ngati zizindikiro za kutha msinkhu sizinaoneke, malire ake ndi zaka 15 zowerengera mwezi. Chifukwa chake n'chomveka. Pa malamulo a Chisilamu, udindo wodyetsa mwana, kumuveka ndi kumupezera pogona uli pa bambo, choncho imfa ya bambo ndiyo imagwetsa mzati umene mwanayo amadalira. Akatswiri a chinenero cha Chiarabu ali ndi mawu ena onena mwana amene wataya mayi, ajiyy, ndi ena onena amene wataya onse awiri, latim, ngakhale kuti mawu awiriwa sitiwamvaimva. Komiti ya mzikiti inatsatira tanthauzo la yatim, ndipo sinalakwe.

Boma lili ndi tanthauzo lake. Ndondomeko ya dziko lino ya chaka cha 2003 yokhudza ana amasiye ndi ana ena ovutika imawerenga wamasiye mwana aliyense wosakwana zaka 18 amene kholo lake limodzi kapena onse awiri anamwalira. Mu Febuluwale 2017 Nyumba ya Malamulo inasinthanso malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 aziwerengedwa mwana, pomwe kale malire anali zaka 16. Nawo mabungwe a United Nations sanakhale ndi tanthauzo limodzi nthawi zonse. Malipoti awo a ana amasiye ankalekezera pa zaka 15, mpaka mu 2004 pamene anakweza malire kufika pa 18. Taonani kuti kungosuntha malire kotereku kumakweza chiwerengero cha ana amasiye popanda maliro ena owonjezera. Ofesi ya sukulu imadzaza mafomu a boma, ndiye inatsatira tanthauzo la boma. Nayonso sinalakwe.

Tanthauzo lachitatu ndi la kumudzi. Kaya ndife Ayao, Achewa, Alomwe kapena Amang'anja, ambiri timatsata mbumba ya kuchikazi. Mwana ndi wa kwa mayi ake, ndipo mwinimbumba ndi malume. M'maso mwa anthu otere, mwana amene mayi ake amwalira ndiye wasiyidwa padzuwa kwenikweni. Komanso pakamwa pa anthu wamba, mwana aliyense wosowa womuyang'anira timangoti akukhala mwaumasiye, osafunsa ngati makolo ake ali kumanda kapena ali ku Joni. Abale athu akutali analemba ndi mtima umenewu, wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ntchitoyi ili ndi dzina

Vuto lotere si lathu lokha, ndipo lili ndi akatswiri ake. Anthu a zamakompyuta ali ndi mawu akuti ontology, amene anawabwereka kwa afilosofi. Amatanthauza mgwirizano wolembedwa wa zinthu zitatu. Choyamba ndi magulu a zinthu zimene anthu akufuna kuwerenga kapena kusunga mu kaundula. Chachiwiri ndi tanthauzo la gulu lililonse, lolembedwa momveka kotero kuti munthu amene sanakhale nawo pa msonkhano atha kudziwa cholowa m'gulumo ndi chosalowa. Chachitatu ndi ubale wa maguluwo: gulu liti lili mkati mwa linzake, ati amalowana pang'ono chabe, ati sangakumane konse.

Chitsanzo chapafupi chili mu msika wa Limbe. Chambo ndi usipa zili m'gulu la nsomba, ndipo nsomba zili m'gulu la ndiwo. Pamenepa palibe chovuta. Nanga nyemba? Kwa mayi wophika, nyemba ndi ndiwo. Kwa mlimi amene akudikira mvula, nyemba zomwezo ndi mbewu. Onse akunena zoona. Koma munthu wolemba katundu yense wa mumsika ayenera kusankha poziika, apo ayi thumba limodzi la nyemba aliwerenga kawiri, kapena saliwerenga n'komwe.

Anthu akakhala pamphasa imodzi, vutoli limachepa, chifukwa wina akanena mawu mnzake amafunsa kuti mukutanthauza chiyani. Limakula pamene olembawo ali kutali, wina ku Soche, wina ku Durban, aliyense akulemba pa nthawi yake, ndipo zolembazo zikukakumana mu foni kapena mu kompyuta. Kompyuta sifunsa kuti munatanthauza chiyani. Imangowonkhetsa zimene yapatsidwa.

Madokotala awiri ndi mindandanda iwiri

Chitsanzo chachikulu cha ntchito yotere padziko lonse ndi mndandanda wa matenda. Mu 1853, pa msonkhano woyamba wa mayiko wa akatswiri a ziwerengero ku Brussels, anatuma madokotala awiri, William Farr wa ku England ndi Marc d'Espine wa ku Geneva, kuti akonze mndandanda umodzi wa zifukwa za imfa woti mayiko onse azigwiritsa ntchito. Pofika pa msonkhano wa ku Paris mu 1855, awiriwa anabwera ndi mindandanda iwiri yosiyana. Farr anagawa matenda m'magulu asanu: miliri, matenda a thupi lonse, matenda a chiwalo chimodzi potengera pamene agwira, matenda a kakulidwe ka munthu, ndi imfa zobwera chifukwa cha kuvulala. D'Espine anagawa potengera chikhalidwe cha nthendayo, mwachitsanzo matenda a m'magazi paokha. Msonkhanowo unatenga mbali uku ndi uku n'kupanga mndandanda wa mitu 139. Koma mndandanda wogwirizanitsawu sunalandiridwe ndi mayiko onse.

Zinthu zinayamba kuyenda mu 1893 ku Chicago, pamene mndandanda wokonzedwa ndi komiti ya Jacques Bertillon wa ku Paris unavomerezedwa. Patapita zaka zochepa anagwirizananso kuti mndandandawo uziunikidwa zaka khumi zilizonse, ndipo msonkhano woyamba wouunika unachitika ku Paris mu 1900. Mfundo imeneyi tiigwiritse. Munthu amene maganizo ake sanapambane lero savutika kulandira chigamulo ngati akudziwa tsiku limene nkhaniyo idzatsegulidwenso. Mu 1948 ntchitoyi inaperekedwa m'manja mwa bungwe la World Health Organization, WHO mwachidule, ndipo mndandandawo lero umatchedwa International Classification of Diseases, kapena ICD.

Sitiroko ndi nthenda ya mtima kapena ya ubongo?

Ntchito yokonza ICD-11, imene ndi yatsopano pa zonse, inayamba mu 2007. Madokotala ndi akatswiri mazanamazana a m'mayiko ambiri, ogawidwa m'magulu malinga ndi luso lawo, sankatha kumakumana m'chipinda chimodzi. Anagwirira ntchito pa intaneti, pogwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa iCAT imene inapangidwa ku yunivesite ya Stanford ku America. Wina akasintha kanthu, pulogalamuyo inkasunga dzina lake, tsiku limene wasintha ndi chifukwa chimene wapereka, ndipo anzake ankalemba maganizo awo pansi pa nthenda imene akukambiranayo. Mayiko anavomereza ICD-11 mu Meyi 2019, ndipo inayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2022. Ili ndi manambala a matenda pafupifupi 17,000.

Mkangano umodzi umene unatchuka unali wa sitiroko, nthenda yopha ziwalo ija imene yagwetsa akuluakulu ambiri m'makomo mwathu. Mu ICD-10 sitiroko inali m'gulu la matenda a mtima ndi mitsempha ya magazi, chifukwa imayamba mtsempha wa magazi ukatsekeka kapena kuphulika. Madokotala a ubongo ankati chowonongeka ndi ubongo, ndipo amene amasamalira odwalawo ndi iwo, choncho ipite ku gulu la matenda a ubongo. Anawonjeza kuti ikabisika m'gulu la mtima, maboma saona kukula kwa vuto la matenda a ubongo pogawa ndalama. Akatswiri a ziwerengero ankaopa kuti kuisuntha kusokoneza kufananitsa ziwerengero za lero ndi za zaka zambiri zapitazo. Mu 2016 sitiroko inabwezedwa ku gulu la mtima, mabungwe a madokotala a ubongo anadandaula, ndipo mu 2017 chigamulo chomaliza chinaiika ku matenda a ubongo.

Chimene chinathandiza n'chakuti ICD-11 inamangidwa pawiri. Pali nkhokwe yaikulu ya matenda onse, mmene nthenda imodzi imaloledwa kukhala m'magulu awiri kapena kuposerapo. Khansa ya m'mapapo ili m'gulu la khansa, ndipo ilinso m'gulu la matenda a mapapo. Kuchokera m'nkhokwemo amatulutsa mndandanda wowerengera, mmene nthenda iliyonse ili ndi malo amodzi okha, kuti wodwala mmodzi asawerengedwe kawiri. Choncho wofufuza sitiroko pa mutu wa mtima amapezabe cholozera chomuuza kumene yaikidwa. Mbali zonse ziwiri zinavomerezedwa kuti zikunena zoona, koma powerenga panasankhidwa malo amodzi. Ndi nkhani ya nyemba ija.

Zikuchitika kuno kwathu

Tisaganize kuti izi ndi za kunja kokha. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mukukumbuka kuti mu Januwale 2023 sukulu za mu mzinda wa Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwu. Chigamulo chotere chimadalira ziwerengero zochokera m'zipatala zambiri, zazikulu monga Queen Elizabeth ndi zazing'ono za m'madera. Zipatalazo sizingathe kupima chimbudzi cha wodwala aliyense ku labotale. Ndiye azaumoyo ali ndi magulu awiri: wodwala woganiziridwa kolera ndi wodwala wotsimikizidwa. Kudera kumene mliri walengezedwa kale, aliyense wotsegula m'mimba mwadzidzidzi chimbudzi chamadzimadzi amalembedwa ngati woganiziridwa. Wotsimikizidwa ndi amene labotale yapeza kachilombo. Mmalo mokangana kuti wa kolera weniweni ndi uti, anagawa mawuwo pawiri, lililonse ndi tanthauzo lake.

Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa malipoti a zipatala kudzera mu pulogalamu ya DHIS2, imene imakonzedwa motsogozedwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway. Ku Neno, bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, limene lakhala likugwira ntchito ndi undunawu kuyambira mu 2007, limasunga mbiri ya odwala mu pulogalamu ya OpenMRS, yolembedwa ndi anthu a m'mayiko osiyanasiyana. Mtima wa pulogalamuyi ndi buku la matanthauzo, mmene funso lililonse lofunsa wodwala, nthenda iliyonse ndi mankhwala alionse zili ndi nambala yake ndi tanthauzo lake. Popanda buku limeneli, zolemba za chipatala china sizingalankhulane ndi za chinzake. Tonse tikudziwa kuti m'makomo thupi likangotentha timati malungo, pomwe kuchipatala malungo ndi okhawo amene apezeka poyeza magazi.

Chitsanzo chapafupi kwambiri ndi nkhani yathu ndi cha Mtukula Pakhomo, ndondomeko ya boma yopereka ndalama kwa mabanja ovutikitsitsa imene inayambira ku Mchinji mu 2006. Oyambitsa ake sanafunse kuti wamasiye ndi ndani. Anafunsa mafunso awiri okhudza banja lonse: kodi ndi losaukitsitsa, ndipo kodi likusowa munthu wamphamvu wogwira ntchito poyerekeza ndi amene akudalira? Ndi mafunso amenewa, makomo ambiri a agogo olera adzukulu analowa okha. Pambuyo pake boma linakhazikitsa kaundula mmodzi wotchedwa Unified Beneficiary Registry. Cholinga chake n'chakuti mbiri ya banja ilembedwe kamodzi, ndipo ndondomeko iliyonse yothandiza anthu izitenga m'menemo mabanja okwanira pa mfundo zake. Kaundulayo amasunga zoona zake za banjalo. Dzina loti uyu ngoyenera thandizo lakuti limabwera pambuyo.

Ophunzira a madrasa, izi si zachilendo kwa inu

Amene munaphunzirako mustalah al-hadith mwaona kale ntchito yotere. Maulama a hadith anali omwazikana kuchokera ku Bukhara mpaka ku Andalus, m'nthawi yoyenda pa ngamila ndi pa ngalawa, koma anayenera kumvana pa mawu monga sahih, hasan ndi da'if. Imam Tirmidhi, amene anamwalira mu 892, atagwiritsa ntchito kwambiri mawu akuti hasan, analongosola kumapeto kwa buku lake chimene iye akutanthauza ponena mawuwo. Ibn al-Salah, amene ankaphunzitsa ku Damascus ndipo anamwalira mu 1245, anasonkhanitsa mitundu 65 ya maphunziro a hadith m'buku limodzi, natchula pamene akale anasiyana maganizo. Iye anatenga mawu akuti shadh ndi munkar ngati ofanana. Ibn Hajar wa ku Cairo, amene anamwalira mu 1449, anawalekanitsa n'kupereka chifukwa chake. Palibe amene anafufuta mawu a mnzake. Aliyense analemba tanthauzo lake, natchula amene akusiyana naye, kuti wobwera pambuyo athe kulondola. Mwambo umenewu ndi wathu, ndipo ndi umene tinauiwala patebulo paja.

Zimene tikupempha msonkhano kuti uunike

Choyamba, kaundula wathu asayambe ndi dzina loti wamasiye. Ayambe ndi mafunso amene mayankho ake sakanganitsa. Kodi mayi ali moyo? Bambo ali moyo? Ngati ali moyo, akuthandiza? Mwanayo anabadwa liti? Akukhala ndi yani, ndipo womuleray o amapeza bwanji chakudya? Pa mafunso amenewa shehe, mphunzitsi ndi mbale wa ku Durban apereka yankho limodzi.

Chachiwiri, tikhale ndi mayina atatu mmalo mwa limodzi, lililonse ndi tanthauzo lolembedwa pamwamba pa kaundula. Yatim akhale monga fiqh ikunenera. Wamasiye akhale monga boma likunenera. Wosowa chisamaliro akhale mwana wa banja limene silingathe kulipira fizi, kaya makolo alipo kaya palibe. Mwana mmodzi atha kukhala m'magulu awiri kapena onse atatu, monga khansa ya m'mapapo ija. Koma polipira fizi, dzina lake lizioneka kamodzi, pansi pa thumba limodzi la ndalama, kuti wina asalipiridwe kawiri mnzake akubwezedwa pageti.

Chachitatu, thumba lililonse la ndalama linene gulu limene likuthandiza. Apa pali mfundo imene ambiri sitiiganizira. Pa magulu asanu ndi atatu oyenera kulandira Zakaat, palibe gulu lotchedwa ana amasiye. Yatim amalandira Zakaat chifukwa cha umphawi wake, ndipo yatim amene bambo ake anamusiyira chuma chokwanira salandira. Choncho mnyamata wa zaka 17 uja, ngakhale salinso yatim pa fiqh, khomo la Zakaat silinamutsekekere ngati pakhomo pawo pali posauka. Koma ndalama imene mwini wake anapereka atanena kuti ndi ya ma yatim ndi amana m'manja mwathu, ndipo sitingaitembenuzire kwina patokha. Tiyenera kumufunsa. Abale a ku Joni akatiuza kuti ponena amasiye amatanthauza ana onse osowa chisamaliro, tilembe zimenezo, ndipo nkhani yatha.

Chachinayi, tidziwiretu wogamula pa funso lililonse. Funso la fiqh lipite kwa mashehe athu. Funso la tanthauzo la boma lipite ku ofesi ya sukulu, imene ingafunse ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya boma la Blantyre. Funso loti banja ili n'losauka motani lipite kwa anthu ochepa osankhidwa kuchokera ku komiti ya mzikiti, kwa makolo ndi kwa aphunzitsi, amene azikafika pakhomopo. Abale akutali azipatsidwa masiku asanu ndi awiri oti alembe maganizo awo chigamulo chisanaperekedwe. Kutalika kwa mtunda kusawachotsere mawu, komanso kusawapatse mphamvu yosintha mndandanda ndi uthenga wa pafoni wa pakati pa usiku.

Chachisanu, chigamulo chilichonse chilembedwe m'buku pamodzi ndi chifukwa chake, tsiku lake, ndi maganizo a amene sanagwirizane nacho. Buku limeneli lizitsegulidwa kamodzi pachaka, chaka cha sukulu chisanayambe, kuti matanthauzo athu aunikidwenso. Amene wagonja lero adziwe kuti mawu ake sanatayidwe, ndipo komiti imene idzabwere ife titachoka isadzayambirenso mkangano womwewu.

Tiwonjezere chenjezo limodzi. Mbiri ya imfa ya makolo ndi umphawi wa banja si nkhani yoponya pa gulu la WhatsApp. Potumiza mndandanda kunja kwa ofesi, mwana aliyense aziimiridwa ndi nambala, kalasi yake ndi gulu limene ali. Mayina akhale m'buku lotsekeredwa. Mwana amene wataya kholo wasenza kale katundu wokwanira, ndipo sitiyenera kumuwonjezera manyazi.

Ana atatu aja

Titayesa njira imeneyi pa ana atatu amene tinayamba nawo, tinapeza izi. Mtsikana wa Fomu 3 si yatim pa fiqh, koma ndi wamasiye pa boma ndiponso ndi wosowa chisamaliro. Mnyamata wa Fomu 4 ndi wamasiye pa boma mpaka adzakwanitse zaka 18, ndipo kusauka kwa pakhomo pawo kuyenera kukaonedwa ndi maso. Mwana wa ku Chilobwe si yatim, si wamasiye, koma ali m'gulu lachitatu mosakayikitsa. Onse atatu ali ndi khomo lolowera. Pa mindandanda yakale ija, aliyense wa iwo akanatha kutsala kunja chifukwa cha mawu amodzi amene akuluakulu sitinafunsane tanthauzo lake.

Sitikunena kuti njira imeneyi ichulukitsa ndalama. Ndalama zidzakhalabe zochepa kuposa ana ofunika thandizo, ndipo padzakhalabe zisankho zowawa. Koma tikadzakangana, tidzakhala tikukangana pa funso lenileni, loti mwa ana awiri ovutika tiyambe ndi uti, ndipo tonse tidzakhala tikuyang'ana kaundula mmodzi.

Makolo, tikukupemphani kuti mubwere ku msonkhano wa makolo mutawerenga mfundo zisanuzi, ndipo amene muli ndi abale osonkha nawo kunja muwatumizire tsamba lino. Ngati mukulera mwana amene si wanu wobereka, fikani ku ofesi mudzayankhe mafunso a kaundula, ngakhale mukuganiza kuti mwanayo salowa m'gulu lililonse. Akuluakulu a komiti, tikupempha kuti musankhiretu anthu awiri odzakhala nawo m'kagulu koyendera makomo.

Inu ophunzira, makamaka a Fomu 3 ndi Fomu 4 amene mukuphunzira kompyuta, ntchito yokonza kaundulayu popanda mayina tikufuna muigwire ndinu, mothandizidwa ndi aphunzitsi anu. Ena mwa inu mudzagwira ntchito m'zipatala, m'mabanki ndi m'maofesi a boma, kumene mudzalandira manambala ochokera kwa anthu amene simunawaonepo. Musanawawonkhetse, muzifunsa kaye kuti wolembayo anatanthauza chiyani, ndipo yankho lake muzililemba pamene wina angalipeze.

Allah atipatse kumvana ndi chilungamo pa ana amene waika m'manja mwathu. Wassalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh.